Chikomekome cha Nkuyu: Pogula Katundu wa Ulendo wa ku Phiri

Tchuthi chikayandikira, achinyamata a m'mipingo yathu amakonzekera kukwera phiri la Mulanje. Ambiri amanyamukira pa Likhubula, nakagona ku Chambe kapena ku Lichenya. Olimba mtima amalakalaka kuponda Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Tsono kunyumba kumabuka mkangano: mwana afuna chikwama chonyezimira chimene wachiona m'sitolo, pamene bambo, pokumbukira fizi, afuna chotsika mtengo koposa. Onsewa akhoza kulakwa. Funso loyamba likhale ili: chinthuchi chikaonongeka pakati pa ulendo, mwanayo adzaona zotani?

Pa nsapato musaumire. Njira za m'phirimo n'zamiyala, ndipo zimaterera kukagwa mvula. Nsapato yongomata ndi guluu wosalimba imakanuka, ndipo kumtunda kulibe wosoka. Sankhani yachikopa, yokhala ndi mano kuphazi, yosiya mpata ku zala kuti zisapweteke potsika. Ya pa kaunjika, ikakhala yolimba, iposa yatsopano yokongola maso okha. Mwana aivale masabata awiri asananyamuke, kuopa matuza.

Chachiwiri ndi chovala. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6, ndipo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti chiperoni chimadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Malaya athonje akanyowa amayamwa kutentha kwa thupi, koma juzi yaubweya imafunditsabe. Pamwamba pake pakhale jekete yosalowa madzi. Anthu ena anasokera nataya miyoyo yao m'phirili. Choncho ndalama ya zovala izi si yotaya.

Chikwama musachiyese ndi mtundu kapena dzina. Chitembenuzeni, muone msoko pamene malamba alumikizana, mukoke zipi kangapo. Chikhale ndi lamba wa m'chiuno, pakuti chiuno chimasenza bwino kuposa mapewa. Msoko wokayikitsa telala akhoza kuubwereza pa mtengo wochepa, ndipo jumbo yaikulu yoikidwa m'kati imasunga zovala zouma.

Pa zotsalazo sungani ndalama. Tenti siifunika kwa ogona m'nyumba za alendo za pamwambapo. Poto, mbale, supuni ndi bulangete zichokere kunyumba. Tochi ibwerekedwe, koma mabatire akhale atsopano. Ndalama yopulumukayo ilipire wolondolera njira wodziwa phirilo, amene aposa katundu aliyense. Gulu la achinyamata lingathenso kusonkha n'kugula zikwama zingapo zabwino zomabwerekana chaka ndi chaka.

Pa Luka 14:28 Ambuye atiphunzitsa kukhala pansi ndi kuwerengera tisanayambe ntchito. Makolo, khalani pansi ndi ana anu, mulembe zofunika, muyambe ndi zimene zisunga moyo. Ndipo inu achinyamata, musachite manyazi ndi chikwama chakale cha amalume ngati malamba ake ali olimba. Chachikulu n'chakuti mubwere kwanu muli amoyo.