Kuchepetsa water block ya graphics card

Anzanga okonda makompyuta ang'onoang'ono amandifunsa ngati n'zotheka kuchepetsa water block kuti khadi lilowe m'bokosi lothina. Ndimati inde, koma mosamala. Mpata wa slot imodzi ndi mamilimita 20.32 okha, ndipo kawirikawiri chotchinga si block yeniyeniyo ayi, koma bracket ya slot ziwiri ndi ma fitting a G1/4 otuluka m'mbali. Yambirani pamenepo: ikani bracket ya slot imodzi ndi ma fitting aafupi okhota. Mkuwa wokhudza chip musaupale. Ukangoperepeseka, sukhudzanso bwino ndipo khadi limatentha. Acrylic wa pa block musamumange mopitirira, amang'aluka. Mukamaliza, yendetsani pampu yokha maola 24 khadi lisanalandire magetsi, kuti muone ngati madzi sakudontha. Dontho limodzi lingaphe khadi lonse.