Lichero, pepala ndi khonje: vekani babu yanu popanda kuwotcha nyumba

Mukalowa m'nyumba za achinyamata ambiri pa Njuli, pa Namitambo kapena ku Nguludi, mupeza zonse zili m'malo mwake. Makatani ochapa bwino, kapeti pansi, mipando yoyala nsalu, pakhoma kalendala ndi chithunzi cha tsiku lomaliza sukulu. Koma tangokwezani maso. Kudenga kuli waya wakuda ndi utsi, kumapeto kwake babu ili lende, yosavala kanthu, ikuthobwa m'maso aliyense wolowa. Timakongoletsa pansi ndi m'makoma, kumwamba n'kuiwalako, chonsecho usiku ukagwa babuyo ndiye imalamula mmene chipinda chonse chionekere.

Ine ndimakhala kuno ku Chiradzulu, ndipo zophimba mababu ndimapanga ndekha kunyumba. M'masitolo akuluakulu a ku Limbe ndi ku Blantyre amazitchula kuti lampshade, ndipo mtengo wake wokha umakubweza pakhomo. Zanga n'za lichero, mapepala, khonje ndi zikho. Pano ndikufuna ndikuuzeni kapangidwe kake, komanso chinthu chimene mavidiyo ambiri a pa TikTok ndi pa YouTube amachidumpha: pepala ndi nsungwi zouma ndi nkhuni, ndiye musanazipachike pamwamba pa mitu ya ana anu muyenera kudziwa chimene mukuchita.

Yambani ndi babu, chophimba pambuyo

Anzanga akaona zopachika kwathu amathamangira kufunsa kuti, "Ase, pepala ili waligula kuti?" Ine ndimawabwezera funso: "Kodi kwanu mukuyatsa babu yanji?"

Babu yakale ija, yokhala ndi kawaya kofiira m'kati, mphamvu pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zimene imadya imazisandutsa kutentha, kuwala n'kochepa chabe. N'chifukwa chake oweta nkhuku amaigwiritsa ntchito pofunditsa anapiye. Babu yotere musaiyandikize ku pepala, ku nsalu kapena ku mlaza, ngakhale kwa usiku umodzi. Babu ya LED ya mawati 9 imawala mofanana ndi yakale ya mawati 60, koma kutentha kwake n'kochepa kwambiri. Chilichonse chimene ndalemba m'munsimu n'cha babu ya LED basi.

Komabe LED nayo imafunda, makamaka kutsinde kwake kumene kuli tizipangizo tamagetsi. Mukaitsekera mopanda mpweya imafa msanga. Choncho chophimba chilichonse chikhale ndi bowo pamwamba potulukira mpweya wotentha, ndipo kunsi chikhale chotsekuka. Lamulo langa ndi la zala zinayi: pakati pa babu ndi chophimba pazilowa zala zinayi mbali zonse. Mababu otchaja aja, amene anachuluka m'misika namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, ndi olemera ndipo ali ndi batire m'kati. Batire silimvana ndi kutentha, ndiye amenewa apatseni chophimba chotakasuka kwambiri.

Onaninso nambala yolembedwa pa kabokosi. Ikakhala 6500K, kuwala kwake n'koyera mbuu ngati kwa m'chipatala. Ikakhala 2700K kapena 3000K, kuwalako n'kofiirira, ndipo ndiko kumakoma pa nsungwi ndi pa pepala lakhaki. Pomaliza dziwani holda yanu, ngati ndi ya mapini awiri kapena ya sikuluwu, chifukwa kukula kwa bowo limene mudule kukudalira pamenepo.

Lichero lozondoka

Njira yachangu kuposa zonse ndi iyi. Gulani lichero, nsengwa kapena kadengu tsiku la msika, kaya pa Mbulumbuzi, kaya pa Thumbwe, kaya kwa oyenda nazo panjinga. Gogodani pansi kaye. Mukaona kaufa kakuyoyoka, dziwani kuti nsungwiyo yayamba kufumbwa, isiyeni.

Mukafika nalo kunyumba, lizondotseni n'kupeza pakati penipeni. Jambulani kabwalo ndi pensulo, masentimita pafupifupi 3 ngati holda ndi ya mapini, 4 ngati ndi ya sikuluwu. Musanadule, pakani guluu woyera wa akalipentala kuzungulira kabwaloko mbali zonse ziwiri ndipo muyembekeze aume. Mukadula musanapake guluu, nsungwi zimamasuka, lichero n'kuyamba kuphwasuka. Mukadula, sokererani m'mphepete mwa bowolo ndi ulusi wolimba. Holda yolendewera imakhala ndi kamphete kapulasitiki kamene kamamasuka. Chotsani babu, masulani kampheteko, lowetsani lichero, mangitsaninso. Boolaninso timabowo tinayi kapena tisanu kuzungulira holdayo kuti mpweya uzidutsa.

Lichero ndi lolukidwa mothina, choncho kuwala konse limakukankhira pansi. Pamwamba pa tebulo lodyera kapena lowerengera ndiye pamalo pake. Dengu loluka motakasuka limaponya timithunzi m'makoma, lokoma pabalaza. Ine masiku ano ndimapita kwa bambo wina wachikulire woluka madengu kufupi ndi kwathu, n'kuwapempha kuti andilukire chosiya kale bowo pamwamba. Tsiku loyamba anaseka. "Mwanawe, dengu lobooka pansi ukatungira chiyani?" Nditawaonetsa chithunzi pafoni anati, "Oho, bwera Loweruka." Mukapeza mmisiri wotere, musamunenerere mpaka kumufinya. Kudula nsungwi, kuzing'amba, kuzipala ndi kuluka si ntchito ya tsiku limodzi.

Mpira wa pepala

Apa pafunika chibaluni, guluu woyera, madzi, mafuta odzola a Vaseline ndi mapepala. Sikuti pepala lililonse limadutsa kuwala. Liyang'anitseni kudzuwa: mukaona mthunzi wa zala zanu kuseri kwake, ndi labwino. Mapepala opyapyala okulungira mphatso, akhaki ochokera ku mapaketi a shuga kapena a ufa, ngakhale a m'makope akale, onse amagwira. Nyuzipepala imadetsa ndipo imatsekereza kuwala, pokhapokha ngati mukufuna chophimba chounikira pansi pokha.

Uzirani chibaluni mpaka chikule ngati mpira wamiyendo kapena kuposerapo, muchipake mafuta pang'ono kuti pepala lisadzakakamire. Sakanizani magawo awiri a guluu ndi gawo limodzi la madzi. Mapepala muwang'ambe ndi manja, osati ndi sizasi, chifukwa m'mphepete mong'ambika mumalumikizana bwino osaoneka mzere. Nyikani kachidutswa kalikonse, kamateni, kasalazeni ndi chala. Kutani chibaluni chonse katatu, kusiya malo pamwamba ndi kunsi. Mukapyola kanayi, babu iziwalira yokha m'katimo inu muli mumdima. Pakati pa kukuta kwachiwiri ndi kwachitatu mutha kuikapo masamba ouma, maluwa opanikiza m'buku kapena makoko a chimanga ong'amba mopyapyala. Masana saoneka kwenikweni, koma mukayatsa amatulukira onse.

Guluu akasowa, phala la chinangwa limamata ndithu. Masupuni awiri a ufa wosalala wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi, wiritsani mukutakasa mpaka liwonekere ngati lamadzimadzi. Vuto lake n'lakuti mphemvu ndi makoswe nazo zimadziwa kuti ndi chakudya, ndiye muziyang'anira.

Kuumitsa ndiye pamafunika mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Okutobala tsiku limodzi likwana, koma nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, pamene phiri la Chiradzulu limakhala lofunda nkhungu, dikirani masiku atatu kapena anayi. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa mpweya wa m'chibaluni umafufuma n'kung'amba pepala. Likauma gwa, bowolani chibaluni, chotsani zotsalira, dulani pakamwa pabwino kunsi. Pamwamba matanipo kabwalo ka katoni yolimba kokhala ndi bowo la holda ndi timabowo ta mpweya.

Njira yomweyi imatheka ndi chingwe cha khonje kapena ulusi wa thonje. Nyikani chingwecho m'guluu, kulungani chibaluni uku ndi uku ngati chisa cha mbalame. Chimenechi chimadutsa kuwala kwambiri kuposa pepala.

Musaganize kuti izi n'zachibwana. Mu 1951 mmisiri wosema wotchuka Isamu Noguchi anapita ku Gifu, m'dziko la Japan, kumene anthu akhala akupanga nyali za pepala kuyambira kalekale. Anatenga luso lawo la nsungwi ndi pepala lochokera ku khungwa la mtengo wa mtundu wa mabulosi, n'kuikamo babu yamagetsi m'malo mwa kandulo. Nyalizo anazitcha Akari, ndipo mpaka lero zikupangidwa ndi manja ku Gifu komweko n'kumagulitsidwa padziko lonse. Kwathu kuno, bungwe la PAMET ku Blantyre lakhala likupanga mapepala ndi manja kuchokera ku mapepala otayidwa, ulusi wa nthochi ngakhale ndowe za njovu. Zipangizo tili nazo, ndipo nsungwi ya ku Gifu siiposa yathu.

Nanga chikho?

Chikho chouma bwino chimatuluka chokongola mwina kuposa zonsezi. Chidulani kunsi, palani m'kati, jambulani maluwa kapena mizere ndi pensulo, kenako boolani timabowo ndi msomali kapena kadirilo. Usiku chipinda chimadzaza timadontho ta kuwala ngati nyenyezi. Koma tinene zoona, chikho n'chokongoletsa chabe. Mwana wa Fomu 4 sangawerengere mayeso a MSCE pansi pake. Chiikeni pakona kapena kuchipinda chogona, babu yowerengera ikhale ina.

Kwa ife a sola

Pa kalembera wa 2018, Chiradzulu inapezeka ndi anthu oposa 350,000, ndipo m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, pamene zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Kuchokera nthawi imeneyo ma sola afalikira ndipo mawaya a ESCOM afika m'malo ena atsopano, komabe m'midzi yambiri kuwala kwa usiku ndi kababu kamodzi ka sola kapena kolumikiza ku batire.

Ngati kwanu n'kotere, mpira wa pepala usiyeni. Chophimba chilichonse chimadyako kuwala, ndipo kababu ka wati imodzi kapena atatu kalibe kuwala kotaya. Chimene chingakuthandizeni ndi lichero lopaka laimu kapena penti yoyera m'kati. Kuwala kumene kumathawira kumalata kapena kuudzu wakudenga, kumene sikuthandiza aliyense, lichero loyeralo limakubwezera pansi pamene pali mbale ya nsima ndi makope a ana. Apa ndiye mwapha mbalame ziwiri, kukongola ndi kuwala komwe.

Chikomekome cha nkuyu

Chophimba chingakongole bwanji, ngati waya wake ndi wovunda, m'kati muli nyerere. Zinthu izi sindinyengerera nazo munthu, ngakhale akhale mnzanga wapamtima.

Musanakhudze holda, thimitsani magetsi pa meni switchi, osangodalira switchi ya pakhoma. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230, ndipo amapha. Imani pa mpando wolimba, manja ali ouma, wina akugwirireni.

Dengu lolemera lisalendewere pa waya wamagetsi. Limangireni chingwe chakechake ku mtanda wa denga, waya azingodutsa. Mukapeza waya wolumikiza n'kukulunga ndi jumbo, kapena holda yosweka, yakuda ndi kupsa, imani pomwepo. Itanani wamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA. Kukongoletsa ndi kwathu, koma kulumikiza mawaya ndi kwa amene anaphunzira.

Kandulo, koloboyi kapena nyali ya parafini zisalowe m'chophimba cha pepala, nsungwi kapena mlaza, ngakhale magetsi atazima pakati pa phwando. Musapachike chophimba pamwamba pa mbaula, pafupi ndi neti ya udzudzu, kapena pakhonde pofika mvula. M'nyumba yofolera udzu chenjeraninso kawiri.

Tsiku loyamba yatsani kwa ola limodzi muli pomwepo, kenako thimitsani n'kukhudza chophimbacho. Chikhale chofunda pang'ono chabe. Chikatentha, kapena mukamva kafungo ka kupserera, chotsani, kulitsani mabowo kapena pezani babu ya mawati ochepa. Ndipo nthawi ya mvula, ngumbi zikayamba kuthamangira kuwala, muzichitsitsa n'kukutumula. Mapiko ouma ndi fumbi zikaunjikana pafupi ndi holda si zabwino.

Kandalama kangatulukemo

Ambiri a ife tikukhala m'nyumba za lendi, momwe eni ake salola kupenta kapena kukhoma misomali. Ubwino wa chophimba babu ndi woti tsiku losamuka mumangomasula n'kunyamula. N'chifukwa chake ophunzira a ku Catholic University ku Nguludi, aphunzitsi ndi anamwino ongoyamba kumene ntchito, ndi anthu oti mutha kuwagulitsa. Onjezanipo okongoletsa maukwati ndi zinkhoswe, malo odyera ndi malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa Blantyre-Zomba.

Jambulani chophimba chanu madzulo kukuyamba kuda, babu ili yoyaka, chifukwa chithunzi cha masana sichionetsa kanthu. Ikani pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Powerengera mtengo musaiwale guluu, thiransipoti, malipiro a woluka ndi masiku amene mwadikira kuti chiume. Ine ndimagulitsa chophimba pamodzi ndi babu yake ya LED, ndipo ndimamata kapepala m'kati kolemba kuti "LED yokha, osapyola mawati 9". Wogula angaiwale zimene munamuuza pakamwa, kapena angapatse chophimbacho m'bale wake amene simunakumane naye. Kapepalako ndiko kadzakulankhulireni.

Loweruka likubwerali yambani ndi chimodzi. Tengani lichero lakale limene amayi analisiya chifukwa latha m'mphepete, litsukeni, liumitseni, gulani babu ya 3000K, muyese pa tebulo lodyera. Likakukomerani, mpira wa pepala udzabwera sabata yotsatira.