Njinga ziwiri zopanda eni ku Austria

Lamulungu limenelo, pa 16 Ogasiti 2020, ndinayatsa TV chifukwa cha Brad Binder, mnyamata wa ku South Africa amene anali atangopambana ku Brno mlungu wapitawo. Koma za Binder ndinaziiwala msanga.

Mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP unali pa bwalo la Red Bull Ring ku Austria, lopanda oonerera chifukwa cha Covid-19. Pabwaloli pali chitunda chimene njinga zinkakwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola, kenako wokwera ankafinya mabuleki mwamphamvu kuti akhote pakona yachitatu, yopindika ngati chigongono. Johann Zarco, pa njinga ya Ducati, anapitirira Franco Morbidelli, ndipo pogwira mabuleki anapendekera kumene mnzakeyo ankadzera. Morbidelli analibe kothawira. Anamuomba kumbuyo.

Anthu awiriwo anagubuduzika kumbali. Njinga zawo, iliyonse yolemera makilogalamu osachepera 157, sizinaime. Zinapitirira zokha, zikudumphadumpha ndi kuyoyoka zidutswa, mpaka kudula msewu pamalo enieni amene Maverick Viñales ndi Valentino Rossi ankakhota pang'onopang'ono. Imodzi inadutsa pakati pa awiriwo. Ndinangoti "Mayo!" ndili ndekha m'nyumba. Mpikisano unaimitsidwa. Kamera itamupeza Rossi m'galaja, bambo wa zaka 41 amene waona zambiri, anali atangoti kakasi.

Palibe anafa. Zarco anathyoka kafupa ka padzanja, ndipo oweruza anamulamula kuti mpikisano wotsatira adzayambire mumsewu wa kugalaja, anzake onse atanyamuka kale. Morbidelli, mtima uli m'mwamba, anauza atolankhani a kwawo ku Italy kuti Zarco wangotsala pang'ono kukhala wopha anthu. Pambuyo pake anapepesa. Zarco anati sanachite dala, ndipo ine ndimamukhulupirira. Koma kusachita dala sikundikwanira.

Masiku ano kugwa pawekha sikupha kawirikawiri. Wokwera amavala chikopa thupi lonse, ndipo kuyambira 2018 m'chovalacho mumayenera kukhala chikwama cha mpweya chimene chimafufuma munthu asanafike pansi. M'mbali mwa msewu muli miyala ing'onoing'ono yochepetsa liwiro. Munthu amagwa pa liwiro la makilomita 200 pa ola, n'kudzuka, n'kusasa fumbi. Chitetezo chimenechi n'chimene chimapatsa ena mtima woti alowetse njinga pampata umene kulibe. Chovuta n'chakuti palibe chovala choteteza munthu ku njinga ya mnzake. Marco Simoncelli anamwalira ku Sepang, Malaysia, pa 23 Okutobala 2011 chifukwa atagwa, njinga inamukokera pakati pa msewu ndipo anaombedwa ndi awiri amene ankabwera pambuyo. Mmodzi mwa awiriwo anali Rossi, bwenzi lake la pamtima. Mu 2021 anyamata atatu, Jason Dupasquier wa zaka 19, Dean Berta Viñales wa zaka 15 ndi Hugo Millán wa zaka 14, anafa imfa yofanana m'mipikisano yaing'ono. N'chifukwa chake kuyambira 2023 wolowa m'mipikisano ya Grand Prix amayenera kukhala atakwana zaka 18.

Ndiye ndikamva wina akutamanda wokwera wosasamala kuti ndi wolimba mtima, ndimafunsa kuti moyo umene akuchita nawo jugawo ndi wa ndani. Oweruza nawonso amandikwiyitsa. Ku Barcelona mu 2022, Takaaki Nakagami anachedwa kugwira mabuleki pakona yoyamba, n'kugwetsa Francesco Bagnaia ndi Álex Rins. Rins anathyoka dzanja. Chilango panalibe.

Eni bwalo la Red Bull Ring anaika kakona kokhotakhota pachitunda chija mu 2022 kuti njinga zisamafike pamwamba ndi liwiro lakale. Koma tsiku lija, atangosesa zidutswa pamsewu, Rossi anavalanso chisoti chake, nakwera Yamaha, n'kukadutsa pakona yomweyo maulendo ena 20. Anamaliza pa nambala 5, kumbuyo kwa Binder.