DUAT, hipoteca, consulta: mawu amene amasunga munda ku Mecanhelas

INSACA — Mlandu wa malo umayamba m'Chinyanja kapena m'Chimakua pabwalo la mfumu, koma ukafika ku ofesi umalembedwa m'Chipwitikizi. Apa m'pamene alimi ambiri amasokonekera. Munthu amadinda chala papepala limene sakulimva, ndipo pakapita nthawi amauzidwa kuti dimba limene agogo ake ankalimamo mpunga lalembedwa m'dzina la wina. Mawu a pamapepala amenewa si ambiri, ndipo wowadziwa sapusitsidwa wamba.

Mwini nthaka ndani?

Chiyambire ufulu m'chaka cha 1975, malamulo aakulu a Mozambique amati nthaka yonse ndi ya Boma. Malamulo a 1990 ndi a 2004 anabwereza zomwezo: nthaka sigulitsidwa, sipinyolitsidwa, siikidwa chikole. Lamulo la malo, Lei de Terras nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, linaima pa mfundo imeneyi. Ntchito yofunsa anthu maganizo awo pofuna kuliunikanso inayamba mu 2020, ndipo ndondomeko yatsopano ya malo imene Boma linavomereza mu 2022 sinasinthe mwini nthaka.

Chimene mlimi ali nacho ndi DUAT, chidule cha Direito de Uso e Aproveitamento da Terra, ndiye kuti ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kudya zipatso zake. Lamulo la 1997 linatchula njira zitatu zoupezera. Yoyamba ndi mwambo: malo a makolo, a banja kapena a mudzi wonse. Yachiwiri ndi boa-fé, kukhala pamalo ndi mtima woona: mbadwa ya Mozambique imene yagwiritsa ntchito malo kwa zaka 10 osadziwa kuti ikulakwira wina. Yachitatu ndi kupempha ku Boma ndi makalata, monga amachitira amalonda ndi makampani.

Njira ziwiri zoyambazo sizilira pepala. Título ndi chikalata chosonyeza ufuluwo, registo ndi kuulembetsa m'kaundula, koma lamulo linanena poyera kuti kusowa kwa ziwirizi sikuchotsa ufulu wa munthu amene anapeza malo mwa mwambo kapena mwa boa-fé. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, umalandiridwa. Mboni zimenezi papepala zimatchedwa testemunhas.

Anthu a m'malire akudziwa chifukwa chake mfundo imeneyi ili yolemera. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja amene anathawira ku Malawi anabwerera opanda pepala lililonse, ena n'kupeza minda yawo ikulimidwa ndi anzawo. Chimene anali nacho ndi mawu a mfumu, manda a makolo ndi mitengo ya mango imene anabzala asanathawe.

Kugula munda

M'midzi ndi m'misika anthu amalemberana kapepala kotchedwa declaração, kunena kuti uje wagulitsa munda kwa uje pamtengo wakuti, m'meticais kapena m'makwacha, mboni n'kusayina. Pamaso pa lamulo nthaka sinagulidwe, chifukwa wogulitsayo sanali mwini wake. Abale ake akadzauka n'kunena kuti mundawo ndi wa banja, wogula amatsala ndi kapepala m'manja, ndalama zitadyedwa kale.

Zimene zingagulitsidwe ndi benfeitorias, zinthu zimene munthu waika pamalopo ndi thukuta lake, monga nyumba, sitolo, chitsime kapena chigafa cha fodya. Nazonso zili ndi njira yake: pafunika chilolezo cha Boma ndi escritura pública, chikalata cholembedwa pamaso pa notário. M'tauni, wogula nyumba amatenganso ufulu wa malo amene nyumbayo yakhalapo. Kumudzi, kugula chigafa sikutanthauza kuti munda wonse wapita nacho.

Ngongole ndi chikole

Hipoteca ndi chikole cha katundu wosasuntha chimene munthu amapereka ku banki potenga ngongole. Katunduyo amakhalabe m'manja mwake, koma akalephera kubweza, banki imapita kukhoti kuti agulitsidwe. Juros ndi chiwongoladzanja, prestação ndi gawo limene amabweza mwezi ndi mwezi, pamene fiador ndi munthu wolonjeza kulipira ngati wokongolayo walephera. Penhora ndi pamene khoti lagwira katundu wa munthu chifukwa cha ngongole.

Munda sungakhale hipoteca. Lamulo linalola chikole pa nyumba ndi zomanga zina zimene munthu anamanga ndi chilolezo, ndipo banki imafuna kuona kuti nyumbayo inalembedwa ku Conservatória do Registo Predial, ofesi yosunga kaundula wa nyumba. N'chifukwa chake mlimi wa munda waukulu amabwerera chimanjamanja ku banki, pamene wa nyumba ya malata yolembetsedwa amamvedwa. Koma mbali ina ya lamulo lomweli ndi yoteteza: wa katapila amene wakongoza mlimi ndalama nthawi ya njala alibe mphamvu yolanda munda, ngakhale atalemberana kapepala kotani.

Tsidya lina la malire, ku Machinga ndi ku Zomba, zinthu n'zosiyana. Ku Malawi kuli malo a lizi, ndipo chikalata chake chimalandiridwa ku banki ngati chikole. Anthu amene amakwatirana ndi kuchita malonda mbali zonse ziwiri amasokoneza malamulo awiriwa kawirikawiri. Lamulo la 1997 linati mlendo angapeze DUAT pokhapokha ali ndi ntchito yachitukuko yovomerezedwa ndi Boma ndipo wakhala m'dziko zaka zosachepera 5. Njira ya boa-fé ndi ya mbadwa zokha.

Akabwera wofuna malo

Wamalonda kapena kampani ikapempha malo, pamayenera kuchitika consulta comunitária, msonkhano wofunsa anthu a m'mudzi ngati malowo alibe eni ake. Zokambirana zimalembedwa mu acta, ndipo administrador amapereka maganizo ake potsamira pa pepala limeneli. Acta ikanena kuti anthu avomera, mawu amenewo ndi amene amafika ku Lichinga, osati zimene zinanenedwa pansi pa mtengo. Choncho mudzi wochenjera umafuna kuti acta iwerengedwe mokweza m'chinenero chake asanasayine aliyense, ndiponso kuti malonjezo onse, kaya ndi mjigo, kaya ndi ntchito, kaya ndi njira ya ng'ombe yopita kumadzi, alembedwemo. Lonjezo lapakamwa limapita ndi mphepo. Mfumu kapena secretário payekha si mudzi, ndipo sangapereke malo a anthu m'chipinda.

Wopemphayo amapereka plano de exploração, ndondomeko ya zimene adzachite pamalopo. Amayamba ndi autorização provisória, chilolezo chongoyembekezera, cha zaka zosapitirira 5 kwa mbadwa ndi 2 kwa mlendo. Akakwaniritsa zimene analonjeza amalandira autorização definitiva, ya zaka zosapitirira 50 zimene zingawonjezedwe. Akangotchinga malo n'kuwasiya tchire, ufuluwo ungathetsedwe. Iye amalipira taxa chaka ndi chaka, koma munda wa banja ndi malo a mudzi salipira, ndipo ufulu wake ulibe tsiku lothera.

Pali mawu awiri ofanana amene amasokoneza. Delimitação ndi kuyenda malire a mudzi wonse pamodzi ndi midzi yoyandikana, kujambula mapu ndi kuwalembetsa ku cadastro, kaundula wa malo, mudzi n'kulandira certidão. Demarcação ndi pamene woyeza malo aika miyala ya simenti, marcos, m'ngodya za malo amodzi kuti patuluke título. Mudzi umene uli ndi madambo, nkhalango kapena msipu umatetezeka bwino ukachita delimitação alendo asanabwere.

Malire ndi njanji

Mawu amene akukhudza Mecanhelas kuposa maboma ambiri ndi zona de protecção parcial, malo otetezedwa kumene DUAT sipezeka. Lamulo la 1997 linaikamo makilomita 2 kuchokera pamzere wa malire a dziko, mamita 50 mbali iliyonse ya njanji, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu ndi mamita 15 m'mbali mwa misewu ing'onoing'ono. M'malo otere munthu angapatsidwe licença especial yokha, chilolezo chapadera cha ntchito yakutiyakuti.

Entre Lagos, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ali pamalire ndi panjanji pomwe. Njanji yochokera ku Cuamba inalumikizidwa ndi ya Malawi pa Nayuchi mu 1970, ndipo inakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 kuti inyamule malasha a ku Moatize kupita ku Nacala. Amene akufuna kumanga sitolo kapena chigayo kumeneko achita bwino kufunsa ku ofesi ya administrador asanaumbe njerwa.

Boma lingathetse DUAT ya munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, monga msewu kapena sukulu, koma liyenera kuyamba lapereka indemnização, chipukutamisozi choyenera. Wopanda título nayenso ali nawo ufulu wolandira.

Mwini munda akamwalira

Herança ndi cholowa. DUAT imapita kwa olowa m'malo popanda kusiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mkazi angakhale ndi título m'dzina lake, payekha kapena pamodzi ndi mwamuna wake. M'midzi ya chikamwini, kumene mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda umakhala wa mbumba. Vuto limabuka pamene olemba afika n'kufunsa dzina la mutu wa banja, mkamwini n'kupereka lake. Banja likatha, pepala limanena zina, mwambo ukunena zina. Pa tsiku lolembetsa, eni mbumba ayenera kukhalapo ndi kumva dzina limene lalembedwa.

Pepala lililonse la malo lili ndi zinthu zitatu zoti munthu afunse asanadinde chala: dzina la pepalalo, dzina la munthu amene walembedwapo, ndi kukula kwa malowo m'mahekitala. Wosadziwa kuwerenga Chipwitikizi atenge mwana wa sukulu kapena mphunzitsi amene amamukhulupirira, ndipo asachoke pamalopo opanda kope lake.