G9: Chord Yokokera Nyimbo Kwawo

Anzanga a kwaya ndi inu okonda gitala pa buleki, munamvapo nyimbo ikamafika kumapeto, mawu n'kukhala ngati alendewera, mtima n'kumati "tsitsani basi"? Kawirikawiri chimene chimakukokani pamenepo ndi chord yotchedwa dominant. Lero tikambe za mkulu wake, dominant ninth.

Tiyambire pa solfa yathu yomweyi. Mu kiyi iliyonse, doh ndiye kwawo kwa nyimbo. Noti yachisanu, soh, ndiye dominant. Pomanga chord pa soh timalumpha noti imodzi imodzi: soh, te, ray. Tikaonjezapo fah, yasanduka dominant seventh. Tikasanjikanso lah pamwamba, imeneyo ndiye dominant ninth. Mu kiyi ya C manoti ake ndi G, B, D, F, A, ndipo timalemba G9. Pa kiyibodi n'zosavuta: dzanja lamanzere pa G, lamanja pa B, D, F, A. Onsewo ndi makiyi oyera.

Nanga 9 akuchokera kuti? Werengani ndi zala kuyambira pa soh: soh 1, lah 2, te 3, doh 4, ray 5, me 6, fah 7, soh 8, lah 9. Mwaona eti? Ndi lah yemweyo, kungoti wadutsa soh wapamwamba.

Mphamvu ya chord imeneyi ili pa kusakhazikika kwake. Te ndi fah akamveka limodzi sagwirizana, khutu limafuna asunthe. Te ali pafupi zedi ndi doh, ndiye amakwera. Fah ali pafupi ndi me, ndiye amatsika. Lah naye amatsikira pa soh. Mawu atatu akasuntha nthawi imodzi n'kutera pa doh, me, soh, womvera amapuma.

Vuto la kwaya n'lakuti manoti ndi asanu koma magulu athu ndi anayi. Wotsala ndi ray, chifukwa ngakhale achoke chord siisintha khalidwe. Gawanani chonchi: a besi soh, a tena fah, a aluto te, a soprano lah. Potera, a besi apite pa doh, a tena pa me, a aluto pa doh, a soprano pa soh.

Musamusiye fah ayi. Popanda iye mumapeza chord ina, Gadd9, yokoma ndithu koma yosakoka kwenikweni. Komanso lah akhale pamwamba. Mukamuika pansi moyandikana ndi soh wa besi, zimangomveka phokoso.

Oimba a ku America anaigwiritsanso ntchito mwa njira ina. T-Bone Walker anaidzaza m'nyimbo yake ya blues ya 1947, "Call It Stormy Monday". Mu 1965, m'nyimbo ya James Brown ya "Papa's Got a Brand New Bag", Jimmy Nolen ankakhwatchula E9 pa gitala mobwerezabwereza. Kumeneko chord-yi siithamangira kwawo, imangovina pomwepo.

Ndiye pa pulakatisi yotsatira tidzayesere pa "Amen". Gwirani G9 pa "A" kwa mabiti anayi, kenako terani pa "men". A soprano, lah ameneyo adzakuyabwani, mudzafuna kuthawira pa soh msanga. Limbani mtima mpaka wotsogolera atsitse dzanja, apo ayi kukoma konse kwatayika.

Wolemba: membala wa kwaya, Fomu 3