Jakisoni wolimbitsa thupi si mankhwala a msana

Pofika nthawi yopalira ndi kubandira, amayi ambiri kumudzi amakhala akuyenda atagwira m'chiuno. Mayi amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi, ndipo chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Akatula, amatenga khasu lalifupi n'kuweramira mizere mpaka dzuwa kufika paliwombo, mwana ali kumbuyo. Pobwerera amasenzanso nkhuni. Nzosadabwitsa kuti wina akamuuza za jakisoni kapena mapiritsi "obwezera mphamvu", mayiyo amatchera khutu.

Vuto la msana ndi lalikulu. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo chiwerengerochi chikhoza kufika 843 miliyoni pofika 2050. Amayi ndiwo amavutika kwambiri kuposa abambo. Ululu ukapitirira miyezi itatu, achipatala amauona ngati wamgonagona.

Mwa mankhwala amene ena amawatchula pa vutoli muli ma anabolic steroid. Awa ndi mankhwala opangidwa motengera testosterone, homoni imene imachuluka m'thupi la mwamuna ndipo imakulitsa minofu, kumeretsa ndevu ndi kukulitsa mawu. Odziwika kwambiri ndi nandrolone, amene akhala akugulitsidwa m'dzina la Deca-Durabolin kuyambira mu 1962.

Maganizo oti amathandiza msana sanangochokera m'malere. Mayi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kupepuka, ndipo mwa ena timafupa ta msana timaphwanyika pang'onopang'ono mpaka munthu kufupika ndi kupindika. M'zaka za m'ma 1980 madokotala ena ankabaya amayi otere nandrolone pakatha masabata atatu kapena anayi alionse, ndipo kafukufuku wa anthu ochepa anaonetsa kuti mafupa ankalimbako ndipo ululu unkachepa. Koma amenewa anali amayi achikulire opimidwa bwino, amene matenda awo anali a mafupa. Kuyambira m'ma 1990 kunabwera mankhwala ena monga alendronate, ndipo nandrolone anasiya kukhala oyamba kuganiziridwa ngakhale pa matenda omwewo.

Msana wa mayi wa zaka 30 kapena 40 amene watopa ndi khasu ndi nkhani ina. Kawirikawiri ululu wake umachokera m'minofu ndi m'malo olumikizana mafupa, osati m'mafupa ophwanyika. Palibe umboni wokwanira woti ma anabolic steroid amachiza ululu wotere.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mayi wogwiritsa ntchito mankhwalawa akhoza kumera ndevu, kutuluka ziphuphu, kuthothoka tsitsi ndi kusokonekera msambo. Mawu amasasa n'kukula ngati a bambo, ndipo nthawi zambiri sabwereranso mwakale ngakhale atasiya mankhwalawo. Mafuta a m'magazi amasokonekera, zomwe zimaika mtima pa chiopsezo, ndipo a mapiritsi amaononga chiwindi. Kwa mayi woyembekezera, mwana wamkazi amene ali m'mimba akhoza kubadwa ndi ziwalo zobisika zosaumbika bwino.

Pali chisokonezo china chimene alangizi ayenera kuchidziwa. Dzina loti steroid limatchulidwanso pa mankhwala a mtundu wina, monga dexamethasone ndi prednisolone, amene amapezeka mosavuta kwa ogulitsa mankhwala opanda chilolezo. Awa amaziziritsa ululu msanga ndipo amatupitsa nkhope, mwakuti abale amaona ngati wodwala wayamba kunenepa. Koma akamwedwa nthawi yaitali amapepukitsa mafupa omwewo, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso amafooketsa chitetezo cha m'thupi mpaka TB yobisala kudzuka. Amene wakhala akumwa kwa masabata angapo asasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero n'koopsa. Apite kuchipatala kuti akamuchepetsere pang'onopang'ono.

Mu December 2023 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba okhudza msana wamgonagona. Malangizowa amalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewero olimbitsa thupi, kusisita, uphungu, ndi mankhwala monga ibuprofen kwa nthawi yochepa. Salimbikitsa malamba omanga m'chiuno, mankhwala amphamvu a gulu la morphine, ngakhalenso mankhwala a gulu la prednisolone. Ibuprofen nayenso si wa aliyense: wodwala zilonda zam'mimba kapena impso, ndiponso mayi woyembekezera, afunse kaye achipatala.

Chofunika choyamba ndi kudziwa gwero la ululu. M'chigawo chathu chino, kumene TB ndi khansa ya khomo la chiberekero zili zambiri, msana ukhoza kukhala chizindikiro cha matenda aakulu. Mayi atumizidwe kuchipatala mosachedwa ngati akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, akuwonda, watupa nundu pamsana, miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, akulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kapena akutaya magazi osakhala a msambo. Mankhwala obisa ululu amachedwetsa ulendo umenewu, ndipo TB ya msana ikachedwa kuchizidwa imapuwalitsa miyendo.

Ngati achipatala sanapeze matenda otere, thandizo lalikulu lili pakhomo pomwepo. Kugona pamphasa masiku ambiri kumaumitsa msana, choncho ndi bwino kumayendayenda ndi kugwira ntchito zopepuka. Ponyamula katundu, pindani mawondo ndipo katunduyo akhale pafupi ndi thupi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ligawidwe pawiri kapena linyamulidwe ndi anthu awiri. Mpini wautali umachepetsa kuwerama, ndipo njinga kapena wilibala ikhoza kutenga madzi amene mutu unkasenza. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, pamodzi ndi bonongwe ndi chisoso, amapatsa mafupa chakudya chowalimbitsa.

Mankhwala onse a steroid ndi oyenera kulembedwa ndi dokotala. Wogulitsa mwachisawawa akanenedwe ku PMRA ku Malawi, ku ZAMRA ku Zambia kapena ku MCAZ ku Zimbabwe. Ndipo pa msonkhano wa kalabu ya alimi, nkhani ya msana wa amayi ikambidwe abambo ali pomwepo, chifukwa njinga ndi wilibala kawirikawiri zimakhala m'manja mwawo.