Zipangizo zolondolera galimoto ndi setilaiti komanso zoletsa kuba

Chipangizo cholondolera galimoto, chomwe anthu ambiri amangochitchula kuti tracker, ndi kabokosi kakang'ono kamene kamabisidwa m'galimoto kapena pa njinga yamoto kuti mwini wake azidziwa pamene ili nthawi iliyonse. Kabokosika kamadziwa malo ake pomvetsera ma setilaiti a GPS, kenako kamatumiza uthengawo kudzera pa netiweki ya foni za m'manja. Kamasiyana ndi alamu, loko wa chiwongolero kapena immobiliser, zomwe ntchito yake ndi kulepheretsa wakuba kuti asayendetse galimoto. Tracker siletsa kuba. Phindu lake limaoneka galimoto ikapita kale, pamene mwini wake ndi apolisi akufuna kudziwa kumene yalowera. Ku Malawi zipangizozi zimapezeka kwambiri m'mathiraki onyamula katundu, m'galimoto za mabungwe ndi zobwereketsa, ndipo zingathandizenso eni minibasi ndi njinga za kabaza m'madera ngati Kande ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay.

Mbiri ya GPS

GPS inapangidwa ndi asilikali a dziko la America. Setilaiti yoyamba inaponyedwa mumlengalenga mu 1978, ndipo dongosolo lonse la ma setilaiti 24 linalengezedwa kuti lakwanira mu 1995. Mu 1983 ndege yonyamula anthu ya ku South Korea inasochera n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union, komwe inawomberedwa, ndipo anthu onse 269 anafa. Zitatero, Pulezidenti Ronald Reagan analonjeza kuti GPS ikatha kumangidwa anthu wamba adzaloledwa kuigwiritsa ntchito. Komabe kwa zaka zingapo boma la America linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Kusokonezaku kunathetsedwa mu May 2000, nthawi ya Pulezidenti Bill Clinton, ndipo m'zaka zotsatira malonda a zolondolera galimoto anakula msanga.

Maiko ena alinso ndi ma setilaiti awoawo: Russia ili ndi GLONASS, maiko a European Union ali ndi Galileo, pomwe China ili ndi BeiDou, yomwe inakwanira dziko lonse lapansi mu 2020. Zipangizo zambiri za masiku ano zimamvetsera magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi, ngakhale kuti anthu amangozitchulabe zonse kuti GPS.

Mmene chimagwirira ntchito

Ma setilaiti a GPS amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imazungulira kawiri pa tsiku. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri ndipo imaulutsa mosalekeza zinthu ziwiri: pamene ili, ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Chipangizo cha m'galimoto chimayeza nthawi imene uthenga watenga panjira, ndipo kuchokera pamenepo chimawerengera kutalika kwa mtunda wapakati pa icho ndi setilaitiyo. Mtunda wochokera ku setilaiti imodzi sungauze munthu pamene ali. Pamafunika ma setilaiti osachepera anayi: atatu opezera malo, ndipo yachinayi yokonzera wotchi ya chipangizocho, yomwe ndi yotchipa ndiponso yosalondola kwenikweni. Nkhani ya wotchiyi si yaing'ono, chifukwa kuphonya nthawi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi kumachititsa kuti malo aphonyeke ndi mamita 300. Pamalo oyera, pomwe thambo likuoneka bwino, chipangizo chabwino chimaloza malo mosaphonya kupitirira mamita ochepa chabe.

Anthu ambiri amaganiza kuti setilaiti imaiona galimoto kuchokera kumwamba ngati kamera. Si choncho. Setilaiti imangoulutsa, sidziwa n'komwe amene akuimvetsera. Chomwe chimafikitsa uthenga kwa mwini galimoto ndi simukhadi imene ili m'kati mwa kabokosika, yofanana ndi ya m'foni, ya TNM kapena ya Airtel. Pa masekondi kapena mphindi zingapo zilizonse kabokosika kamatumiza malo, liwiro ndi kumene galimoto yaloza ku kompyuta ya kampani yolondolera, ndipo mwini wake amaona kadontho kakuyenda pa mapu a m'foni mwake. Choncho tracker imadalira zinthu zitatu nthawi imodzi: thambo looneka, netiweki ya foni, ndi moto wa batire. Chimodzi chikasowa, kadontho kaja kamaima.

Zipangizo zambiri zimachitanso zina. Mwini galimoto angathe kujambula malire pa mapu, mwachitsanzo kuyambira pa mtsinje wa Dwambazi mpaka pa Nkhata Bay boma, kuti galimoto ikangodutsa malirewo foni yake ilire. Zina zimadziwitsa mwini wake batire ikachotsedwa kapena galimoto ikasuntha injini isanalizidwe, monga zimakhalira ikamakokedwa. Zina zimalumikizidwa ku pampu ya mafuta kuti kampani ithe kuzimitsa injini ili kutali. Makampani osamala amakonza zoti lamuloli ligwire ntchito pokhapokha galimoto ikachepetsa kwambiri liwiro kapena ikaima, chifukwa injini ikazima pa liwiro lalikulu chiwongolero ndi mabuleki zimalimba, ndipo ngozi yake ingaphe anthu osalakwa.

Zoletsa kuba

Immobiliser ndi chipangizo chomwe chathandiza kwambiri kuchepetsa kuba galimoto kuposa china chilichonse. M'mutu mwa kiyi mumakhala kachipangizo kokhala ndi nambala yachinsinsi, ndipo kompyuta ya injini ikapanda kuizindikira nambalayo, mafuta kapena moto sizifika ku injini ngakhale wakuba atalumikiza mawaya. Maiko a European Union analamula kuti galimoto zonse zatsopano zizikhala nacho kuyambira mu 1998, ndipo Australia inatsatira mu 2001. Akatswiri a zachuma Jan van Ours ndi Ben Vollaard atafufuza zotsatira za lamulo la ku Ulayali anapeza kuti kuba galimoto kunatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan, zomwe zimalowa m'Malawi kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, zilibe chipangizochi, makamaka zotsika mtengo. N'chifukwa chake amakaniko ambiri amaika kaswitchi kobisika kodula moto wa pampu ya mafuta, komwe amadziwa mwini galimoto yekha.

Alamu ndi yotchuka koma mphamvu yake ndi yochepa, chifukwa imalira pafupipafupi popanda chifukwa mpaka anthu amasiya kutembenuka. Loko wa chiwongolero kapena wa giya amangochedwetsa wakuba, ngakhale kuti kuchedwako nthawi zina kumakwanira kumuchititsa kusankha galimoto ina. Ku South Africa, kuyambira pa 1 September 2012, galimoto zatsopano zimapoperedwa timadontho tating'ono masauzande ambiri tokhala ndi nambala yozindikiritsa galimotoyo, kuti ngakhale itaphwasulidwa, zitsulo zake zizizindikirikabe.

South Africa ndi maiko oyandikana nayo

M'chigawo cha kumwera kwa Africa malonda olondolera galimoto anayambira ku South Africa, komwe kuba ndi kulanda galimoto ndi mfuti kunachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Netstar inayamba mu 1994, Tracker mu 1996, ndipo Cartrack mu 2004. Makampaniwa sagulitsa kabokosi kokha. Ali ndi zipinda zoyang'anira usana ndi usiku, magulu othamangira galimoto yobedwa, komanso ndege za helikopita, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi apolisi. Ena amagwiritsanso ntchito mafunde a wailesi, njira imene kampani ya LoJack inatchuka nayo ku America m'zaka za m'ma 1980. Mafunde amenewa amamveka ngakhale galimoto itabisidwa m'galaja, malo amene GPS imavutika. Kumeneko makampani ambiri a inshuwalansi salola kuteteza galimoto yodula, monga Toyota Hilux kapena Fortuner, ngati ilibe tracker.

Galimoto zina zobedwa ku South Africa zimaolotsedwa malire kupita ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, ndipo zina zimafika mpaka ku Malawi ndi ku Zambia. Mwa zina, pofuna kuthana ndi zimenezi, akuluakulu a apolisi a m'chigawochi anakhazikitsa bungwe la SARPCCO mu 1995 ku Victoria Falls, ndipo Interpol imasunga mndandanda wa galimoto zobedwa womwe apolisi a maiko osiyanasiyana amaufufuza pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi.

Nkhaniyi imakhudza anthu a ku Nkhata Bay mwachindunji. Atonga a m'mphepete mwa nyanja akhala akupita kukagwira ntchito ku South Africa ndi ku Zimbabwe kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mpaka lero ambiri amabwera ndi galimoto kuchokera ku Joni. Munthu wogula galimoto yotere kwa mnzake popanda kufufuza mapepala kupolisi ndi ku ofesi yoona zamsewu angathe kulandidwa galimotoyo ikapezeka pa mndandanda wa zobedwa, ndalama zake n'kupita pachabe. Palinso vuto lina laling'ono: tracker imene inaikidwa ku Johannesburg imakhala ndi simukhadi ya kumeneko, ndipo ingathe kusiya kutumiza uthenga galimoto ikaoloka malire ngati mgwirizano wake sunaphatikize maiko ena.

Ku Kande ndi m'mbali mwa msewu wa M5

Kande ili m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, kumwera kwa Chintheche, pa msewu wa M5 umene umadutsa ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa kulowera ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu. Pamsewuwu pamadutsa mathiraki a shuga, mabasi, minibasi, galimoto zonyamula usipa, komanso magalimoto akuluakulu a alendo oyendera maiko angapo amene amagona ku Kande Beach. Kwa eni galimoto zoterezi, amene nthawi zambiri amakhala ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko, kuba galimoto yathunthu si nkhawa ya tsiku ndi tsiku. Chomwe amafuna kudziwa ndi chakuti dalaivala waima pati, kwa nthawi yaitali bwanji, wathamanga motani, ndipo ngati wapatuka kukapanga matola. Mathiraki ena amaikidwa choyezera mafuta m'thanki, chomwe chimaonetsa pa kompyuta ngati dizilo watsika mwadzidzidzi galimoto itaima.

Kwa anthu a m'deralo chuma chomwe chili pa chiopsezo chachikulu ndi njinga yamoto. Mnyamata wa kabaza nthawi zambiri amayendetsa njinga ya munthu wina kapena yogula pa ngongole, ndipo ikabedwa amataya ntchito n'kutsala ndi ngongoleyo. Njinga ndi yovuta kuiteteza kuposa galimoto: anthu awiri angathe kuinyamula n'kuiponya m'lole, malo obisapo kabokosi ndi ochepa moti wakuba wodziwa amayamba kufufuza pansi pa mpando, ndipo batire yake yaing'ono imatha moto njinga ikakhala masiku angapo osayenda tracker ikukoka moto.

Malo a derali amakhudzanso kagwiridwe ka ntchito ka zipangizozi. M'mbali mwa nyanja thambo ndi loyera, choncho GPS imagwira bwino. Koma kumadzulo kwa msewu dziko limakwera kulowera ku mapiri a Viphya, ndipo m'zigwa ndi m'nkhalango za kumeneko netiweki ya foni imaduka. Chipangizo chabwino chimasunga malo onse amene chadutsa n'kuwatumiza chikapezanso netiweki, pomwe chotchipa chimangokhala chete, mapu n'kumaonetsabe pamene chinamvekera komaliza. Tizipangizo tonga AirTag, tomwe kampani ya Apple inatulutsa mu 2021, sitithandiza kwenikweni kumidzi, chifukwa tilibe GPS kapena simukhadi ndipo timadalira kuti pafupi padutse munthu wokhala ndi iPhone.

Kudziwa pamene galimoto ili si kuipeza. Kumalo kumene kulibe magulu a kampani othamangira galimoto yobedwa, ntchitoyi imagwera apolisi, ndipo mwini wake ayenera kukanena msanga, atanyamula nambala ya galimoto, nambala ya chasisi ndi foni yoonetsa mapu. Ubwino wa dera ngati la Kande ndi wakuti msewu waukulu ndi umodzi, wopita kumpoto kapena kumwera, moti uthenga ukafika msanga pa malodibuloko galimoto ingagwidwe isanapite patali. Kutsatira akuba wekha ndi koopsa, ndipo makampani olondolera amaletsa zimenezi.

Njira za akuba

Akuba odziwa ntchito yawo amagwiritsa ntchito jammer, kachipangizo kosokoneza mafunde a GPS ndi a foni. Sikafuna mphamvu yambiri chifukwa uthenga wa setilaiti umafika pansi uli wofooka kwambiri. Ena amaika galimoto m'kontena yachitsulo, ndipo ena amaisiya pamalo ena kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti aone ngati pabwere woifuna. Galimoto zatsopano zolizidwa ndi batani zili ndi vuto lawolawo, chifukwa akuba awiri angathe kukuza uthenga wa kiyi imene ili m'nyumba mpaka galimoto itaganiza kuti mwini wake waima pafupi. Chifukwa cha zimenezi eni galimoto zodula amaika ma tracker awiri, wina wosavuta kupeza ndi wina wokhala ndi batire yakeyake wobisidwa kwina. Amene amadziwa pamene kabokosi kabisidwa ndi amene anakaika, choncho kusankha woika wodalirika ndi mbali ya chitetezocho.

Malamulo ndi chinsinsi cha munthu

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza ufulu wa munthu wokhala ndi chinsinsi pa moyo wake. Mwini galimoto ali ndi ufulu woika tracker pa katundu wake, koma dalaivala ayenera kuuzidwa kuti akulondoledwa. Kubisa chipangizo m'galimoto ya munthu wina, ngakhale ya mwamuna kapena mkazi wako, pofuna kudziwa kumene amapita, ndi kuphwanya ufulu umenewu. Simukhadi ya m'chipangizocho iyeneranso kulembetsedwa monga ina iliyonse, potsatira lamulo limene bungwe la MACRA linayamba kulikhwimitsa mu 2018, ndipo iyenera kukhala ndi bandulo nthawi zonse. Ma tracker ena amene amasiya kugwira ntchito amakhala kuti sanaonongeke, koma mwini wake anaiwala kulipira.